Agogo Anga ndi Masamu a Maginito

M'chaka changa chachiwiri pano pa sukulu ya ukachenjede ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnyamata wina wophunzira fizikisi. Tinkamvana bwino, koma maphunziro athu anali kum'mawa ndi kumadzulo. Iye ankakonda kundiseka kuti ife a ziyankhulo timalipira fizi kuti atiphunzitse zimene tinayamwira kubere. Ine ndinkamubwezera kuti iwo amatha zaka zinayi akuwerengera tinthu timene palibe anationapo ndi maso. Zinali zocheza chabe, ndipo sindinkaganiza kuti tsiku lina ndidzamugwira mwendo kuti andithandize ntchito ya m'kalasi.

Aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yolemba za kufa kwa ziyankhulo. Mutuwu unandikhudza chifukwa kwathu ndi ku Phalombe, ndipo agogo anga akuchikazi ndi mmodzi mwa anthu ochepa m'mudzi mwathu amene amayankhulabe Chilomwe tsiku ndi tsiku. Amayi anga amachimva koma sachiyankhula kawirikawiri. Ine ndimangotolako mawu apa ndi apo. Pofufuza ndinapeza nkhani ya tsamba limodzi lokha imene Daniel Abrams ndi Steven Strogatz a ku yunivesite ya Cornell ku America anasindikiza m'magazini ya Nature m'chaka cha 2003. Nkhaniyo inali ya kufa kwa ziyankhulo ndithu, koma pakati pa tsambalo panali samu. Ndinaiyang'ana mpaka maso kuwawa, osatolapo kanthu.

"Aise, tandiwerengera ichi," ndinatero usiku umenewo.

Anangoyang'ana kamodzi n'kuyamba kuseka. "Iyi ndi mean-field basi. Anthu awa atenga agogo ako n'kuwasandutsa atomu ya m'chitsulo."

Mawuwo anandipsetsa mtima, koma ndinafuna kudziwa chimene ankatanthauza. Tinacheza mpaka usiku pakati, ndipo zimene ndalemba pano ndi zimene ndinamva tsikulo kuphatikizapo zimene ndinawerenga ndekha pambuyo pake.

Nkhani imayambira pa maginito. Atomu iliyonse ya chitsulo ili ngati kamaginito kakang'ono kamene kamaloza mbali ina yake. Timaginito tambiri tikaloza mbali imodzi, chitsulo chonse chimakoka misomali. Koma kutentha kumatigwedeza, ndipo m'chaka cha 1895 Pierre Curie wa ku France anafotokoza momwe mphamvu imeneyi imathera chitsulo chikatentha kufika pa mlingo wina wake, umene ndi madigiri pafupifupi 770. Chovuta chinali kufotokoza chifukwa chake mwa masamu. Kuti udziwe kumene atomu imodzi iloze uyenera kudziwa kumene anzake oyandikana nayo akuloza. Kuti udziwe za anzakewo uyenera kudziwanso za anzawo, mpakana kumapeto kwa chitsulo. Msomali wa magalamu 5 uli ndi maatomu oposa nambala ya 1 yotsatidwa ndi maziro 22. Palibe munthu kapena kompyuta imene ingawatsate onse imodziimodzi.

Mu 1907 katswiri winanso wa ku France, Pierre Weiss, anadutsa njira yachidule. Iye anati tisavutike ndi woyandikana naye aliyense payekha. Tiyerekeze kuti atomu iliyonse ikumva mphamvu imodzi yokha, imene ndi avereji ya maatomu onse. Mwakutero, funso la maatomu osawerengeka limasanduka funso la atomu imodzi yoyang'anizana ndi gulu.

Nditaoneka wosokonezeka, mnzangayo anandifunsa ngati ndinayimbapo m'tchalitchi chodzaza. Ukamayimba, anatero, sumvetsera amayi ali kumanzere kwako kapena abambo ali kumbuyo. Umatsata liwu limodzi lalikulu la mpingo wonse. Likakwera nawe umakwera, likachedwa nawe umachedwa. Koma liwu lalikululo silichokera kudenga. Alipanga ndi anthu omwewo amene akulitsata, kuphatikizapo iwe. Apa ndi pamene panali nzeru ya Weiss. Avereji imalamula atomu, koma maatomu ndi amene amapanga avereji, choncho yankho loona ndi lokhalo limene mbali ziwirizi zikugwirizana. Atawerengera motere anapeza kuti kukazizira gulu limagonjetsa aliyense ndipo onse amaloza kumodzi, pamene kukatentha kupyola mlingo wina aliyense amapita kwake ndipo maginito amatha. Zimene Curie anaona m'ng'anjo zinatulukira pa pepala.

Chimene chinandidabwitsa ndi kutalika kwa ulendo umene ganizo limeneli layenda. Ngakhale Weiss asanalembe, Johannes van der Waals wa ku Netherlands anali atachita zofanana mu 1873 pofotokoza momwe mpweya umasandukira madzimadzi. Mu 1928 Douglas Hartree wa ku England analigwiritsa ntchito pa maelekitironi a m'kati mwa atomu. Iye ankayamba ndi kungoganizira momwe mtambo wa maelekitironi onse ulili, n'kuwerengera kayendedwe ka elekitironi imodzi mu mtambowo, n'kumanganso mtambo watsopano kuchokera pa mayankhowo, n'kubwerezanso, mpaka mtambo wolowa ufanane ndi wotuluka. Makompyuta kunalibe. Masamu ambiri otopetsawo ankamuthandiza ndi bambo ake, William Hartree, amene anali atapuma pa ntchito. Ndimakonda kuwaganizira awiriwa, mwana ndi bambo wake, akubwereza samu imodzimodzi kwa masabata. Vladimir Fock wa ku Russia anaikonza njirayi mu 1930, ndipo akatswiri a kemisitiri amayambirabe pamenepo akafuna kuwerengera mamolekyu pa kompyuta.

Ku zaumoyo nakonso linafika. Ronald Ross, amene mu 1897 ku India anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, analemba masamu a kufala kwa matendawa mu 1911. Anayerekeza kuti udzudzu uliwonse ungalume munthu aliyense mofanana, ndipo anapeza chinthu chimene ambiri sankachikhulupirira: sipafunika kupha udzudzu wonse kuti malungo athe, bola uchepe kufika pansi pa mlingo wina wake. Mu 1927 William Kermack ndi Anderson McKendrick ku Edinburgh anagawa anthu m'magulu atatu, amene angadwale, amene akudwala, ndi amene achira kapena kumwalira, n'kuyerekeza kuti onse akusakanikirana ngati shuga mu tiyi. Mizere yokwera ndi kutsika imene tinkaiona pa wailesi ya kanema mu 2020, nthawi ya COVID-19, yambiri inali zidzukulu za samu imeneyi. Hugh Wilson ndi Jack Cowan anachita chimodzimodzi ndi maselo a mu ubongo mu 1972. Ndipo cha m'ma 2006 Jean-Michel Lasry ndi Pierre-Louis Lions ku France, komanso Minyi Huang, Roland Malhamé ndi Peter Caines ku Canada, analitengera ku zochita za anthu ambiri amene aliyense akufuna phindu lake. Izi zokha sindinavutike kuzimvetsa. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe safunsa wogulitsa mnzake aliyense asanaike mtengo. Amangodziwa "mtengo wa lero," chonsecho mtengo wa lerowo aupanga ndi iyeyo pamodzi ndi anzake.

Tsopano samu ya Abrams ndi Strogatz inayamba kuwerengeka. Iwo anayerekeza dziko la ziyankhulo ziwiri zopikisana, momwe munthu aliyense amayankhula chimodzi chokha ndipo amakumana ndi wina aliyense mofanana. Mwayi woti munthu asiye chiyankhulo chake n'kutenga chinacho unkadalira zinthu ziwiri: kuchuluka kwa anthu oyankhula chinacho, ndi ulemu umene chili nawo, kutanthauza ntchito, sukulu ndi chuma chimene chimatsegulira munthu. Anayesa samuyi ndi ziwerengero za chiyankhulo cha Welsh ku Wales, Gaelic ku Scotland ndi Quechua ku Peru, ndipo mzere wawo unadutsa bwino ndithu m'ziwerengerozo. Mathero ake anali owawa. Malinga ndi samuyo, ziyankhulo ziwiri sizingakhalire limodzi mpaka kalekale. China chiyenera kufa.

Ndinafuna kwambiri kuti akhale olakwa. Koma ziwerengero za kwathu kuno zinali kumbali yawo. Kalembera wa 1966 anapeza kuti anthu oposa 14 pa 100 alionse m'Malawi ankayankhula Chilomwe pakhomo. Pofika kalembera wa 1998 anali osakwana 3 pa 100. Sikuti Alomwe anatha ayi, pakuti kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi 19 pa 100 alionse amati ndi Alomwe. Anthu alipo, chiyankhulo n'chimene chinatsalira m'njira. Ndipo chimene samu ija imachitcha ulemu ndikuchidziwa bwino, chifukwa agogo anandiuza ndi pakamwa pawo. Makolo awo anachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya Azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo ankatchedwa dzina lonyoza lakuti Anguru. Mwana akayankhula Chilomwe pagulu anzake ankamuseka. Pamene msonkhano wa Malawi Congress Party unkakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, makolo ambiri anali atayamba kale kulera ana awo m'Chinyanja pofuna kuwachotsera manyazi.

Usiku umenewo ndinagona ndi mtima wolemera. M'mawa mwake mnzanga uja, mwina poona nkhope yanga, anati, "Usadandaule kwambiri, aise. Ifeyo timaikonda mean-field chifukwa ndi yosavuta, osati chifukwa ndi yoona nthawi zonse. Imanama, ndipo timadziwa pamene imanamira."

Gawo ili ndi limene ndinalikonda koposa, ndipo ndinapita nalo ku laibulale ndekha. Mu 1925 Ernst Ising wa ku Germany anasindikiza zotsatira za samu ya timaginito tondandalikidwa pa mzere umodzi, kalikonse kakumva anzake awiri okha, wa kutsogolo ndi wa kumbuyo. Samu imeneyi inatheka kuiwerengera yonse popanda njira yachidule. Yankho lake linali lakuti mzere wotere sungakhale maginito pa kutentha kulikonse, pamene njira ya Weiss imati ungakhale. Chifukwa chake n'chomveka ngakhale kwa ine wa ziyankhulo. Uthenga ukamayenda pa mzere wa anthu, wina kunong'oneza wina, munthu mmodzi yekha akaphonya, onse a kumbuyo kwake aphonya naye. Liwu lalikulu la mpingo palibe pamenepo. Pali mnzako wa pambali basi.

Mu 1944 Lars Onsager, wobadwira ku Norway, anakwanitsa kuwerengera timaginito toyalidwa ngati mabokosi a bolodi la drafuti, kalikonse ndi anzake anayi. Apa maginito amatheka, koma njira ya avereji imaphonya mlingo wa kutentha. Pa muyeso umene akatswiri amagwiritsa ntchito, iyo imati gulu ligwirizanabe mpaka pa 4, chonsecho yankho loona ndi pafupifupi 2.27. Kunena kwina, njirayi imakokomeza mphamvu ya gulu. Imaiwala kuti timaginito toyandikana tingathe kupangana tokha n'kuloza kosiyana ndi kwa ambiri, ndipo kamene kali pakati pa kagulu kotere sikamva n'komwe zimene dziko lonse likuchita. Panatenga zaka zambiri kuti akatswiri apeze njira yowerengera timagulu totere, tating'ono m'kati mwa tokulirapo, ndipo Kenneth Wilson wa ku America analandira mphotho ya Nobel mu 1982 chifukwa cha ntchito imeneyi. Lamulo limene ndinatolapo ndi ili: oyandikana nawo akachuluka, avereji imanena zoona, akachepa, imasochera.

Azaumoyo anaphunzira zomwezi. Udzudzu suluma anthu mofanana, ndipo aliyense amene anakulira m'nyumba ya kufupi ndi dambo sangatsutse. Mu 1997 Mark Woolhouse ndi anzake anasonyeza kuti pa matenda angapo, kuphatikizapo malungo ndi likodzo, kawirikawiri anthu 20 pa 100 alionse ndi amene amasenza gawo lokwana 80 pa 100 la kufala kwa matendawo. Wogawa maneti mongotsata avereji angathe kuphonya nyumba zenizeni zimene matenda akuchokera.

Nanga ziyankhulo? Kunena chilungamo, Abrams ndi Strogatz sanabise kuti samu yawo inasiya zambiri kunja. Ena anabwera kudzazibwezeramo. Mu 2004 Marco Patriarca ndi Teemu Leppänen anaikamo malo, n'kupeza kuti ziyankhulo ziwiri zingakhale ndi moyo ngati chilichonse chili ndi dera lake. Mu 2005 Jorge Mira ndi Ángel Paredes, poona za Galician ndi Spanish ku Spain, anaikamo anthu oyankhula ziwiri, n'kupeza kuti ziyankhulo zofanana kwambiri zingathe kukhalira limodzi. Ndinaseka ndekha powerenga izi. Zinatengera akatswiri a fizikisi nkhani yapadera kuti avomereze za munthu woyankhula ziyankhulo ziwiri, pamene kwathu kuno wogulitsa mandasi pa depoti ya Mzuzu amasintha Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi pa kasitomala mmodzi.

Apa ndinayamba kuona agogo mwa mtundu wina. Iwo sakumana ndi Amalawi onse mofanana ngati shuga mu tiyi. Tsiku lawo limathera pakati pa anthu osapitirira khumi. Pali amayi anayi a msinkhu wawo amene amakhala nawo pa mkeka madzulo, kusenda nandolo ndi kukamba za maliro ndi maukwati, ndipo pa mkeka umenewo Chilomwe ndiye chiyankhulo cha ambiri, ngakhale kalembera anene zotani. Iwo ali pakati pa kagulu kaja ka Onsager. Wailesi inene Chichewa tsiku lonse, pa mkekapo sichifika. Koma msuweni wanga amene amakhala ku Ndirande, amene pa tsiku amakumana ndi anthu mazanamazana m'minibasi, mumsika ndi pa foni, iye ndi atomu ya Weiss yeniyeni. Oyandikana naye ndi ochuluka kotero kuti chimene amamva ndi avereji basi. Ana ake sadziwa ngakhale moni wa Chilomwe. Samu imodzimodziyo ikunena zoona m'tauni n'kumanama kumudzi, ndipo chodetsa nkhawa n'chakuti tonsefe tikusamukira kumene imanena zoona.

Ndinalemba zonsezi mu ntchito yanga ndi chimwemwe cha munthu amene watola chikwanje chatsopano. Aphunzitsi anandipatsa malikisi abwino ndithu, koma m'mphepete mwa tsamba lina analemba ndi inki yofiira kuti, "Chiyankhulo si chitsulo." Ndikuwamvetsa. Atomu sichita manyazi, siinyadira mtundu wake, ndipo siingaganize m'mawa wina kuti lero ndiloza kwina dala. Ulemu wa chiyankhulo, umene mu samu uja ndi nambala yokhazikika, m'moyo umasintha. Pambuyo pa 1994 wailesi ya MBC inayamba kuulutsa nkhani m'ziyankhulo zina kuphatikizapo Chilomwe, ndipo gulu la Mulhako wa Alhomwe, limene linakhazikitsidwa pa nthawi ya ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, lakhala likusonkhanitsa anthu ku Chonde ku Mulanje. Anthu amene kale ankabisa mtundu wawo lero amauvala pa chitenje. Kaya zimenezi zikubwezeretsa chiyankhulo m'kamwa mwa ana kapena zikungothera pa zovala ndi magule, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ine ndimakayika.

Komabe sindigwirizana nawo aphunzitsi anga kotheratu. Pali chinthu chimodzi chimene samu ija inandiuza chimene mabuku athu a ziyankhulo sanandiuze mosapsatira. Mabukuwo amati chiyankhulo chimaphedwa ndi boma, sukulu, wailesi ndi umphawi, ndipo n'zoona. Koma kuwerenga motero kumandisiya ine ndili woonerera, wolira maliro a chinthu chimene ena anapha. Samu ya Weiss silola zimenezo. Mmenemo mulibe woonerera. Aliyense amene akukankhidwa ndi avereji ali nawo m'gulu lopanga averejiyo.

Ndikukumbuka tsiku lina ndili Fomu 2. Agogo anabwera kudzandiona kusukulu yogonera komweko, atanyamula chinangwa chophika ndi nthochi m'kathumba. Anandipeza ndili ndi anzanga pafupi ndi geti, ndipo anandipatsa moni m'Chilomwe mokweza, monga amachitira kunyumba. Moniwo ndinkaudziwa, ndi kuyankha kwake ndinkakudziwa. Ndinayang'ana anzanga, n'kuyankha m'Chichewa kuti, "Ndili bwino agogo, kaya inu?" Iwo sananene kanthu. Anangosintha nawonso n'kupitiriza m'Chichewa mpaka pamene ananyamuka. Palibe mphunzitsi anandiletsa tsiku limenelo, palibe lamulo linandigwira pakamwa. Ndinamvera liwu lalikulu la mpingo, ndipo pomvera ndinaliwonjezera mphamvu pang'ono, moti mnzanga wina wa Chilomwe amene anaima pomwepo anaphunzirapo kuti umu ndi mmene timachitira. Kuyambira tsiku limenelo agogo sanandipatsenso moni wa Chilomwe pamaso pa anthu.

Nditamufotokozera mnzanga wa fizikisi nkhani imeneyi sanaseke. Anangoti gawo la atomu imodzi mu avereji ndi laling'ono kwambiri moti powerengera amalitaya. Ndinamufunsa kuti nanga ngati oyandikana nawo ali asanu okha? Anati pamenepo sungalitaye.

Pa tchuthi chapitachi ndinapita kumudzi ndi kope ndi foni yojambulira mawu. Ndinapeza kuti pa amayi anayi a pa mkeka paja mmodzi anamwalira m'nyengo ya dzinja, ndipo wina anatengedwa ndi ana ake kupita ku Lilongwe kuti azikalandira chithandizo cha kuchipatala. Atsala atatu, kuwerengera agogo. Madzulo ndinakhala nawo pansi n'kuwapempha kuti asandiyankhule Chichewa ngakhale ndivutike bwanji. Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Zimenezi akutuma kusukulu?" anafunsa.

"Ayi agogo, ndadzituma ndekha."

Anandipatsa moni uja wa pa geti. Ndinayankha, lilime likulemera ngati la munthu wodya therere lotentha. Amayi awiri aja anagwa nacho chiseko mpaka mmodzi kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo anandibwerezetsa kanayi. Kenaka anandisunthira lichero la nandolo kuti ndizisenda nawo, n'kupitiriza nkhani imene anali nayo ndisanafike, ya mbuzi ya munthu wina imene inalowa m'dimba la eni ake. Ndinamvapo mawu okwana mwina khumi.